Gawo la Nangozo: tiwerengere pa mtengo uti?

Naphiri (msungichuma): Mwaswera bwanji nonse. Nangozo akusamukira ku Mzuzu kumapeto kwa mwezi uno, ndiye akufuna gawo lawo la chuma cha gulu lathu. Kupatula ya m'bokosi, m'buku muli masheya a FDH Bank 30,000 amene tinagula pa K10 imodzi mu 2020, ngongole ya K400,000 yomwe ili kwa amake Dalitso, ndi K1,200,000 yomwe tinaponya pa chigayo kumayambiriro kwa 2022. Zonse K1,900,000. Thumba limeneli tinasonkha mofanana anthu 20, ndiye awo ndi K95,000.

Nangozo: Ayi achemwali, pamenepo ndakana. Masheya amenewo lero mungawapeze pa K10? Anakwera kangapo konse. Mukandipatsa K15,000 ya masheya ndiye kuti phindu la zaka zonsezi mudya otsalanu.

Nabanda: Phindu lake liti? Lili papepala. Simunaligwire, ifenso sitinaligwire. Mawa akatsika mudzabweza kuchokera ku Mzuzuko?

Nangozo: Akakweranso mudzanditumizira?

Bambo a Tiyamike (mlembi): Ndiyankhuleko, poti kuntchito timachita zomwezi chaka chikamatha. Makampani amatsata lamulo lotchedwa IFRS 13. Limati mtengo wa chinthu ndi ndalama imene mungalandire mutachigulitsa tsiku lowerengeralo, kwa wogula wodziwa chimene akugula, popanda wokakamizidwa. Osati imene munagulira. Masheya a FDH savuta, amagulitsidwa pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre ndipo mtengo wa tsiku lililonse umaoneka. Apa Nangozo akunena zoona.

Nangozo: Mwamva?

Bambo a Tiyamike: Dikirani mayi, sindinathe. Muyeso womwewo ugwirenso pa ngongole. Amake Dalitso anapita ku Joni, miyezi yapitapo osaponya ngakhale chiwongola dzanja, nambala yawo sikupezeka. Ndani pagulu pano angapereke K400,000 yake kuti ngongoleyo ikhale yake, azikalonjerera yekha?

Nabanda: Ine ngakhale K50,000 sindingayerekeze.

Nasibeko: Tisamuweruze munthu asanabwere. Amayi ake ananena kuti atumiza akakhazikika.

Nabanda: Ananena liti, anganga? Chimanga chisanache. Pano tikudya chatsopano.

Nangozo: Koma ngongoleyo sindinavomereze ndekha. Tonse tinakweza manja.

Naphiri: N'chifukwa chake tonse tiluze mofanana. Simungatenge masheya pa mtengo wa lero, ngongole yokayikitsa n'kuitenga yathunthu ngati ndalama ili m'manja. Mukatero K20,000 yanu ichoka m'matumba mwathu.

Abambo Mbewe: Nanga chigayo? Ine ndikuti chinakwera. Tinalowamo kwacha isanagwe ndi 25% mu May 2022, inagwanso ndi 44% mu November 2023. Pitani mukafunse injini yatsopano ngati ija, mubwerako mutagwira mutu.

Nabanda: Yatsopanotu. Yathu ija lamba timachita kumanga ndi waya, sefa inabooka, ufa ukumatuluka ndi misere moti amayi ambiri akumapita kutsidya. Ndiponso chigayocho n'chogawana ndi gulu lina. Wogula theka la chigayo mumupeza kuti?

Bambo a Tiyamike: Ichi ndiye chovutacho. Ku IFRS 13 kuli magawo atatu: choyamba zinthu za mtengo woonekeratu pamsika, chachiwiri zomwe mumayerekeza ndi mitengo ya zinzake zofanana nazo, chachitatu zomwe mumachita kuganizira nokha. Chigayo chathu chili kumapetoko, ndipo kumeneko aliyense amakokera kwake. Tione ndalama imene chakhala chikutipatsa pa mwezi tikachotsa magetsi, wogayitsa ndi zokonzetsa. Makaniko aonenso injini.

Abambo Mbewe: Makaniko wake asakhale mlamu wa Nangozo uja.

Nangozo: Asakhalenso amene mumamwa naye uja, bambo.

Naphiri: Funso langa ndi ili. M'bokosi mulibe ndalama yokwana kulipira masheya pa mtengo wa lero, ambiri sanabweze ngongole. Tikagulitsa masheya 1,500 a Nangozo, broker, wotigulitsira masheya pamsika, adula yake. Alipira ndani?

Bambo a Tiyamike: M'mabuku a kampani ndalama ya broker sachotsera pa mtengo, imalembedwa payokha. Koma ife tikugulitsa chifukwa cha munthu mmodzi.

Nangozo: Imeneyo ndilipira, bola andionetse pepala la broker.

A Tcheya: Zikomo nonse, ndawerenga. Masheya 1,500 agulitsidwe, zotuluka ndi za Nangozo atachotsa ya broker. Ngongole ya amake Dalitso isalowe m'gawo la Nangozo pano. Mlembi alembe kuti ikadzabwera, yochuluka kapena yochepa, Nangozo adzalandira gawo limodzi mwa 20. Za chigayo tikambirana Loweruka 2 koloko kwa Nasibeko. Naphiri mubwere ndi kope la chigayo, ndipo makaniko ndisankha ine.

Nabanda: Wochedwa K500, a Tcheya, musaiwale ngati ulendo watha.