Kodi kadyedwe kangachititse munthu kulephera kupirira mavuto?

Telala wa madiresi:
Abale, ndithandizeni maganizo. Chidwalireni bambo anga sitiroko, amene ndikuwasamalira ndine. M'mawa ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwamwetsa mankhwala, kenako n'kuthamangira pa makina m'mimba muli pululu. Chimene ndimamwa ndi khofi wothira shuga wambiri, ndipo ndimabwereza mpaka madzulo, mwina ndi mabisiketi kapena chakumwa chozizira. Ikamakwana cha m'ma 11 manja amanjenjemera moti ulusi umandikanika kulowetsa pa singano. Kasitomala akangofunsa kuti "diresi langa lija bwanji?" mtima umathamanga, misozi ili pafupi. Usiku tulo sitibwera. Mavuto anga ndi enieni ndithu, koma kale ndinkapirira zazikulu kuposa izi. Kodi chakudya chingafooketse munthu chonchi?

Namwino wausiku:
Pepani kwambiri mayi, mtolo mwasenzawu ndi wolemera. Yankho langa ndi lakuti inde, ndipo kunjenjemera kwa m'ma 11 kuja n'kumene kwandigwira mtima.

Munthu akapanikizika maganizo, tiziwalo tating'ono timene tili pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Ntchito yawo ndi kukonzekeretsa thupi kuthawa kapena kumenya nkhondo: mtima umagunda msanga, shuga amachuluka m'magazi. Tsono mahomoni omwewa ndi amenenso thupi limatulutsa shuga akatsika chifukwa chosadya. Ubongo ndi pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya mphamvu pafupifupi 20 peresenti, choncho thupi silichedwa kuliza belu ukayamba kuperewedwa. Inuyo belulo likulira kawiri: la nkhawa ya bambo, ndi la njala. Kasitomala uja akungofika pa nthawi yolakwika.

Khofi akuwonjezera moto. Caffeine, mankhwala opezeka mu khofi, amathamangitsa mtima, ndipo pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'thupi. Kapu ya 4 koloko madzulo, theka lake likadali m'magazi 9 koloko usiku. Mukagona moperewera, mawa lake thupi limalakalaka zotsekemera ndi khofi wina, basi n'kumangozungulira.

Yambani ndi chinthu chimodzi: pamene mukudyetsa bambo, nanunso idyani. Dzira, nyemba zotsala dzulo, mkaka, chilichonse chokhala ndi mapuloteni chimene chimakhalitsa m'mimba. Khofi musamusiye tsiku limodzi, mutu ungakuwaweni. Muzichepetsa pang'onopang'ono, kuyambira wa madzulo.

Bambo wa ana atatu:
Ine ndinena mosabisa. Anamwino anena zoona, koma dzira silisambitsa wodwala. Abale anu ali kuti? Ndinadwazikapo mayi anga ndekha, ndipo ndikudziwa mmene anthu amakuyamikirira pakamwa uku akukusiyira ntchito yonse. Itanani msonkhano wa pabanja, mugawane masiku. Munthu amene alibe mphindi zokhalira pansi n'kudya, vuto lake loyamba si mtundu wa chakudya.

Wokonda kuwerenga:
Bambo mwanena bwino, koma kadyedwe tisakachepetse. Mu 2017 gulu la Pulofesa Felice Jacka wa ku Deakin University ku Australia linatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa SMILES. Anatenga anthu 67 odwala matenda a kuvutika maganizo. Ena anathandizidwa kusintha kadyedwe kwa milungu 12: ndiwo zamasamba, zipatso, nyemba, nsomba, mbewu zosakonola, n'kuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga. Enawo ankangochezeredwa ndi kulimbikitsidwa. Pa gulu losintha kadyedwe, pafupifupi 32 pa 100 alionse zizindikiro zawo zinatha, pamene pa gulu linalo anali 8 okha pa 100 alionse. Anthuwo anali ochepa, ndipo ambiri ankalandiranso mankhwala kapena uphungu, ndiye pasapezeke wina wotaya mankhwala ake chifukwa cha ine. Koma kusiyana kumeneko si kwamasewera.

Za shuga, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, omwe ndi masupuni a tiyi 12, ndipo ndi bwino kwambiri kukhala pa 6. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizira cha 330 ml chimatha kukhala ndi masupuni 8 kapena 9. Mayi, werengani masupuni amene mukuthira m'makapu onse aja, mudabwa.

Telala wa madiresi:
Zikomo nonse. Za msonkhano wa pabanja zandilowa, ndiwayimbira achimwene anga. Anamwino, ndikasintha zonsezi koma mtima n'kumathamangabe, ndidzatani?

Namwino wausiku:
Musadikire n'komwe, pitani kuchipatala sabata yomwe ino akakuyezeni. Kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi kumabweretsa kutopa, chizungulire ndi kuthamanga kwa mtima, ndipo n'kofala kwa amayi amene akusambabe. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, chikamagwira ntchito mopitirira muyeso chimanjenjemeretsanso manja ndi kusowetsa tulo. Akayezenso shuga ndi BP, makamaka poti bambo anu anadwala sitiroko. Mukawauzenso za misozi ija ndi kusowa tulo monga mwatiuzira ifemu, osachita manyazi. Ndipo wina akakuuzani kuti kamowa pang'ono kakugonetsani, mukane: mowa umagonetsa msanga, koma umadzutsa munthu pakati pa usiku nkhawa itakula kuposa poyamba.