Galimoto ya dizilo ikutha mphamvu pamtunda, yaonetsa nambala ya vuto P0299

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Galimoto yanga ya dizilo inasinthidwa pulogalamu ya mu ECU (kompyuta yoyendetsa injini) kuti ikhale ndi mphamvu zambiri, ndipo poyamba inkayenda bwino. Tsopano ndikaponda mafuta kwambiri pokwera mtunda, imafooka mwadzidzidzi, nyale ya injini n'kuyaka, ndipo siyibwerera mwakale mpaka nditazimitsa injini n'kuyilizanso. Makina oyezera a OBD-II, amene amawerenga mavuto mu kompyuta ya galimoto, aonetsa P0299. Kodi turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini) yatha?

Makaniko wakale:
Musathamangire kugula turbo, achimwene. P0299 imangonena kuti mpweya umene turbo ikukankha ndi wochepa poyerekeza ndi umene kompyuta ikufuna, koma sinena chifukwa chake. Yambani mwaona mapaipi a labala opita ku intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo), chifukwa pulogalamu yatsopano imakweza mphamvu ya mpweyawo ndipo paipi yokalamba sichedwa kung'ambika. Pong'ambikapo pamakhala ponyowa ndi oyilo wakuda, ndipo mukaponda mafuta mumamva mluzu, utsi wakuda n'kumatuluka kumbuyo.

Wokonda dizilo:
Ndikugwirizana nawo akuluwa. Mapaipi akakhala bwino, onaninso valavu ya EGR (yobwezera utsi wina mu injini), imene ikadzaza mwaye imatsala yotsegula. Chofunika koposa n'kuyendetsa galimoto makina oyezerawo ali olumikiza, n'kuyerekeza mpweya wofunidwa ndi umene ukufikadi. Ngati pulogalamuyo ikufuna mpweya woposa umene turbo yanu ingakwanitse, vutoli lizibwerabe ngakhale mufufute nambalayo kangati.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndapeza mng'alu wotalika ngati chala kunsi kwa paipi, pafupi ndi chomangira chake. Ndisintha paipiyo mawa, kenako ndiyeza monga mwanenera.