Gulu la Banja: Mashopu a ku Mponela

Amalume: Moni nonse. Za mashopu atatu aja pamunda wa agogo, wina asagule kaye simenti. Kale chilolezo cha mapulani chinkafunika m'matauni ndi malo ochepa osankhidwa, koma lamulo la Physical Planning la 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani. Kumudzi komwe.

Achimwene a ku Joni: Koma amalume, a gulupu anavomera kale. Sizokwanira?

Amalume: Ayi mphwanga. Mawu a mfumu ndi umboni woti malowo ndi athu. Chilolezo chomangira chimachokera ku khonsolo ya Dowa. Komanso uja ndi munda, ndiye tipemphenso kusintha ntchito ya malowo kuti akhale a bizinesi.

Mayi aang'ono: Ine nkhawa yanga ndi maina. Tikamalembetsa ku komiti ya malo, ija ya anthu 6 osankhidwa, atatu mwa iwo amayi, wapampando a gulupu, pepala lisatuluke m'dzina la munthu mmodzi. Ana a malemu achemwali alembedwe nawo. Mabanja amapasukira pamenepa.

Alamu: Zoona amayi. Ndiwonjezereko za msewu. M1 ili ndi malo ake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pamzere wapakati. Anthu amayeza kuchokera m'mphepete mwa phula, khonde n'kulowa m'kati, kenako mwaona X wofiira pakhoma, kugumula popanda chipukuta misozi. Mtengo wa mango uja ndikuukayikira, tiyeze ndi tepi. Saveya, woyeza malo, aike mabikoni, zizindikiro za malire, tisanajambulitse pulani, chifukwa wojambula amayambira pa mapu a saveyayo.

Achemwali: Nanga njerwa tiumbe liti? Dzuwa likutha.

Alamu: Zootcha ayi achemwali. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za bizinesi. Tiwerengere mabuloko a simenti. Chimbudzinso chioneke pa pulani, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime chija, kumunsi kwake.

Achimwene a ku Joni: Ndamva. Ndalama ndinasungira malata ija ipite kwa saveya. Nditumiza Lachisanu.

Amalume: Zikomo. Loweruka tikumane kwa mayi aang'ono 9 koloko, aliyense ndi chiphaso chake cha unzika, tigwirizane maina. Lolemba ine ndi alamu tipita kuboma kukatenga mafomu ndi kufunsa mitengo yake.

Mayi aang'ono: Achimwene tidzakuimbirani pa vidiyo, mudzamve nokha maina akuwerengedwa.