Mwana wa zaka ziwiri akamati wakhuta atangodya mbamu zitatu, timukhulupirire?

Mayi wa ku Chilomoni analemba:

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndiponso kwa amene amagwira ntchito yosamalira ana. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri ndi miyezi inayi, ndipo chisiyireni kuyamwa, nthawi ya chakudya pakhomo pathu yasanduka nthawi ya milandu. Ndikamugawira nsima ya nyemba kapena ya masamba otendera, amadya mbamu zitatu kapena zinayi, kenako amakankha mbale, kutembenuza nkhope, n'kunena kuti wakhuta. Pakangotha ola limodzi amabwera kudzandikoka chitenje akulira kuti akufuna tiyi ndi mandasi, ndipo ine chifukwa cha chisoni ndimamupatsa.

Apongozi anga, amene tikukhala nawo miyezi ino, akuti vuto ndine. Iwo akuti mwana wa msinkhu umenewu sadziwa kukhuta, amene amadziwa ndi mayi wake. Dzulo m'mawa anamukhazika pamiyendo, anamupana mikono, n'kuyamba kumuthira phala m'kamwa ndi supuni mpaka m'mbale munayera. Mwanayo analira mpaka kutsamwa, ndipo patapita kanthawi anasanza theka la phalalo pamkeka. Sindinalankhule kanthu, chifukwa iwowo ndi amayi a amuna anga, komanso analera ana asanu ndi mmodzi n'kukula onse, pamene ine uyu ndi woyamba.

Kodi mwana wamng'ono chonchi amadziwadi kuti ali ndi njala kapena wakhuta, kapena amangokana chifukwa cha makani? Ngati amadziwa, ndingamuphunzitse bwanji kuti azinena zoona za m'mimba mwake, osanena kuti wakhuta pongofuna kuthamangira kumasewera? Kusikelo mwezi watha anandiuza kuti akukwera bwino, komabe mtima wanga sukhazikika ndikaona nsima yotsala m'mbale.

Namwino wopuma pantchito anayankha:

Mayi, mawu amene mwamalizira ndi amene ali ndi yankho lalikulu. Tsegulani kabuku kake ka kuchipatala muone mzere wa sikelo. Ngati ukukwera mwezi ndi mwezi, ndipo mwana akusewera, kugona ndi kuchita chimbudzi bwinobwino, ndiye kuti chakudya chikumukwanira, ngakhale maso anu akuona ngati akudya ngati mbalame.

Amayi ambiri amadabwa pa msinkhu umenewu chifukwa amayerekeza ndi chaka choyamba. Pofika chaka chimodzi mwana amakhala atalemera pafupifupi katatu kuposa mmene anabadwira, koma m'chaka chachiwiri amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu, choncho chilakolako cha chakudya chimatsika pamodzi ndi liwiro la kakulidwe. Kamimba kakenso n'kakang'ono. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri azidya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezapo zotolatola kamodzi kapena kawiri, ndipo muyezo wa chakudya chimodzi ndi pafupifupi kapu imodzi ya mamililita 250. Ndiye taganizani, kapu ya tiyi wa shuga ndi mandasi zikalowa m'kamimba kameneko cha m'ma 10 koloko, nsima ya masana ipeza malo pati? Tiyi alinso ndi vuto lina, loti amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'zakudya, amene amafunika popanga magazi.

Mwana amabadwa akudziwa kale njala ndi kukhuta. Kumbukirani ali wakhanda: akamva njala ankatembenuza mutu kufunafuna bere, kuyamwa zala, ndipo kulira kunkabwera pomaliza, akakhuta ankalisiya yekha bere, zibakera n'kumasuka, n'kugona. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezo. Chimene chimasokoneza nzeru imeneyi ndi ife akuluakulu, tikamamudyetsa iye atakana, kapena tikamamutseka pakamwa ndi bisiketi nthawi iliyonse akalira, mpaka iye amasiya kumvera mimba yake n'kuyamba kumvera nkhope zathu. Katswiri wina wa kadyedwe wa ku America, Ellyn Satter, anagawa udindowu pawiri: kholo limasankha chakudya, nthawi ndi malo odyera, pamene mwana amasankha ngati adye ndiponso kuchuluka kwa chimene adye. Pakhomo panu zikuoneka kuti udindowu watembenuka, chifukwa mwana ndi amene akusankha chakudya ndi nthawi, pamene akuluakulu akulimbana naye pa kuchuluka.

Za kumupana n'kumuthira phala, ndikupemphani kuti zimenezo zithe msanga. Mwana akamalira njira ya mpweya imakhala yotseguka, ndipo phala likhoza kulowera kumapapo n'kumutsamwitsa kapena kuyambitsa chibayo. Koma mukaona kuti sikelo yaima kapena yatsika, mapazi akutupa, ali ndi zilonda m'kamwa, akutsegula m'mimba kapena thupi latentha, musadikire tsiku la sikelo, pitani naye kuchipatala.

Bambo wa ku Balaka anayankha:

Ndikugwirizana ndi anamwino pa nkhani yokakamiza, koma ndikuopa kuti ena owerenga atenga mawu akuti mwana amasankha yekha ngati chilolezo chomuikira mbale n'kumapita kukachapa. Nzeru za a Satter zinachokera kudziko kumene nkhawa yaikulu ndi kunenepa kwa ana. Kuno kwathu kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana amene wayamba kunyentchera kapena amene wangochira malungo amataya chilakolako cha chakudya, ndipo woteroyo akanena kuti wakhuta, ndi matenda amene akulankhula. Ameneyo amafunika kumukhalira pafupi, kumunyengerera, kumupatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndiponso kuthira nsinjiro, dzira kapena kasupuni ka mafuta m'phala lake kuti kochepa kamene wadyako kakhale ndi mphamvu.

Pali chinanso chimene ndinachiona pakhomo panga. Mwana wathu womaliza ankadyera mbale imodzi ndi abale ake atatu, ndipo ankakhala woyamba kudzuka n'kunena kuti wakhuta. Tsiku lina nditakhala pansi n'kuonetsetsa, ndinapeza kuti iye akamaumba mbamu imodzi, akulu ake amakhala atadya zinayi, ndipo usipa ukatha iye ankasiya chifukwa nsima yosowa ndiwo inkamukanika kumeza. Titamupatsa kambale kakekake anayamba kumaliza, mwinanso kupempha ina. Kwa inu, mayi, mbale ndi yake kale, koma ndalemba izi chifukwa cha ena.

Apongozi anuwo musawaone ngati ankhanza. Amene anaona njala ya 2002, kapena amene analera ana m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe ili mbee, akaona mwana akukankha nsima amamva mantha amene inu simungawamve. Nkhaniyi musawauze nokha. Amuna anu ndi amene alankhule ndi amayi awo, ndipo tsiku la sikelo muwapemphe agogowo kuti akuperekezeni, akaone okha muyezo wa mdzukulu wawo ndi kumva kuchokera pakamwa pa alangizi a zaumoyo. Mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amamveka ngati chipongwe, koma akachokera kwa mlangizi amamveka ngati malangizo.

Mphunzitsi wa sukulu ya mkombaphala anayankha:

Ine ndiyankha gawo lachiwiri la funso lanu, chifukwa ndi ntchito imene ndimagwira m'mawa uliwonse ndi ana a zaka ziwiri mpaka zisanu pa nthawi ya phala.

Mwana wa zaka ziwiri amamva zimene zikuchitika m'mimba mwake, koma mawu ake ndi ochepa, ndiye liwu limodzi loti "ndakhuta" amaligwiritsa ntchito pa zinthu zambiri: phala latentha, ndiwo sizikumusangalatsa, watopa, kapena wamva anzake akusewera panja. Chimodzimodzinso "njala" nthawi zina imatanthauza ludzu, tulo kapena kungofuna kunyamulidwa. Ntchito yathu ndi kumupatsa mawu olekanitsira zimenezi. Tisanayambe kudya ndimawauza ana kuti aike dzanja pamimba, n'kuwafunsa kuti, "Kodi m'mimbamo mukulira, kapena muli zii?" Pakati pa chakudya ndimafunsanso kuti, "Mwatsala malo aakulu, aang'ono, kapena mwadzaza?" Masiku oyamba amangoyankha chimene mnzawo wayankha, koma pakapita milungu ingapo mumayamba kumva mayankho osiyana, ndipo mwana wina amakuuzani kuti mwatsala malo a nthochi basi. Inunso muzilankhula za mimba yanu iye akumva, monga kunena kuti, "Ine ndinali ndi njala, tsopano ndakhuta, ndasiya." Ana amatengera zimene akuona msanga kuposa zimene akuuzidwa.

Mugawireni pang'ono, theka la mtanda kapena kucheperapo, kuti akamaliza apemphe yekha ina. Mtanda wathunthu pamaso pa mwana wamng'ono umamufooketsa asanayambe n'komwe, pamene kupempha kuwonjezera kumamuphunzitsa kufunsa mimba yake. Akanena kuti wakhuta, mufunseni kamodzi kokha modekha, mumukumbutse kuti chakudya china chibwera nthawi yakuti, kenako muchotse mbale popanda kukalipa. Akabwera pakatha ola akulirira mandasi, mupatseni madzi, ndipo mumuuze kuti adikire nthawi ya zotolatola, pamene mudzamupatse nthochi, mbatata yophika, papaya kapena kachidutswa ka chigumu. Masiku awiri kapena atatu oyamba adzalira ndithu, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amagonjera. Komatu mwana amene sanamvepo njala chifukwa amangotolatola tsiku lonse sangalidziwe tanthauzo la liwulo.

Pali zizolowezi zina zimene ndimawapempha makolo kuti asiye. Kumuopseza kuti akapanda kudya adokotala amubaya jakisoni kumamuchititsa kuopa nsima ndi chipatala chomwe. Kumulonjeza switi akamaliza masamba kumamuphunzitsa kuti masamba ndi chilango. Kumudyetsa akuonera makatuni pafoni kumathandiza kuti mbale ithe, inde, koma iye amangotsegula kukamwa osadziwa kuti wameza zingati. Ngakhale kumuyamikira kuti ndi mwana wabwino chifukwa wamaliza zonse ndimakupewa, chifukwa ndinaonapo ana akudzikakamiza mpaka misozi kuti aphunzitsi awaombere m'manja. Chakudya chachilendo musachileke chifukwa wachikana kamodzi. Ena amayamba kuchidya atachiona m'mbale kakhumi kapena kuposerapo. Ndiponso musamuyerekeze ndi ana a apongozi anu, paja akuluakulu anati m'mimba ndi nchipala.

Mayi wa ku Chilomoni analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndadikira sabata imodzi ndisanayankhe kuti ndiyambe ndayesa. Tiyi wa m'ma 10 koloko ndinamusiyitsa, ndipo monga ananenera aphunzitsi, Lolemba ndi Lachiwiri analira mpaka aneba anafunsa ngati wadwala. Lachitatu masana anadya theka la mtanda ndi nyemba, n'kutambasula kambale kuti ndimuwonjezere, chinthu chimene sindinachionepo chisiyireni bere. Madzulo ake anangodya mbamu ziwiri, ndipo ndinachotsa mbale ngakhale dzanja langa linkafuna kutenga supuni. Za dzanja pamimba wazikonda kwambiri, moti tsopano akumafunsa bambo ake ngati mwatsala malo, ngakhale iye mwini akafunsidwa amayankhabe kuti mwadzaza nthawi zonse.

Amuna anga analankhula ndi amayi awo. Apongoziwo sanatsutse, koma sanavomerenso. Anangoti ana a masiku ano akulamulira makolo awo. Kumupana asiya, ngakhale dzulo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumupatsa chitumbuwa mobisa nsima itatsala pang'ono kupsa. Avomera kundiperekeza kusikelo Lachinayi likudzali. Anamwino, ndili ndi funso lina laling'ono: phala limene wasiya m'mawa, kodi ndingalivundikire n'kudzamupatsanso nthawi ya zotolatola nditalitenthetsa, kapena ndizimuphikira lochepa lokwanira nthawi imodzi? Ufa wa likuni phala wakwera mtengo, ndipo kulitaya kumandipweteka mtima.