Kodi liwu loti "intermit" limatanthauza chiyani kwenikweni?

Akuluakulu ndi anzanga amene mumachidziwa bwino Chingerezi, ndithandizeniko. Mwana wa mchemwali wanga amaphunzira pa yunivesite ina ku England, ndipo wakhala akudwaladwala chaka chino. Sabata yatha analandira kalata yomuuza kuti, ngati akufuna, akhoza kuchita "intermit" mpaka chaka chamawa. Mayi ake atangomva anayamba kulira, poganiza kuti mwana wachotsedwa sukulu.

Ndinatsegula dikishonale yanga yakale ija, yothothoka chikuto. Ikuti ndi liwu lochokera ku Chilatini, lotanthauza kusiya chinthu kwa kanthawi n'kudzachipitiriza. Ndi la banja limodzi ndi "intermittent", limene madokotala amatchulira kutentha thupi kobwera n'kupita, komanso "intermission", nthawi yopumira pakati pa sewero. Mpaka apa ndikumva.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti kwathu kuno mwana akapatsidwa "suspension" ndiye kuti walakwa. Kodi "intermit" nalonso ndi chilango chongonenedwa mwaulemu, kapena ndi kupuma kumene wophunzira amapempha yekha, malo ake n'kumusungira? Poyankha alembe kuti "I wish to intermit" basi, kapena awonjezere "my studies"? Nanga Mngelezi wamba amalitchulabe pocheza, kapena linatsalira m'makalata a mayunivesite?

Amene munadutsamo, tiuzeninso ngati kupuma kotere kumakhudza viza ya wophunzira, chifukwa mtsikanayu akuopa kuti amubweza kumudzi. Akufunika kuyankha lisanafike Lachisanu.