Laitala yotchaja ngati foni, ingandithandize kuno kuchigwa?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa tiyi ndi mandasi pa Nchalo, mbaula ndimakoleza mbandakucha. Dzinja likafika machesi amachita chinyezi, mitu yake imangonyenyeka. Laitala ya gasi nayo ndinaiiwala padzuwa mu Okutobala, inaphulika. Kutentha kwa kuno mukukudziwa.

Dzulo mnyamata wina pamsika anandionetsa laitala yotchaja pa USB. Ilibe gasi, ilibe lawi, imangotulutsa kamphezi kabuluu pakati pa tizitsulo tiwiri, ndipo mphepo siizimitsa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kamoto kake n'kochepa kwambiri. Kodi kangayatse pepala kapena udzu wokolezera makala? Ndikatchaja pa sola imatha masiku angati? Nanga phulusa likalowa pa tizitsuloto, siifa?

Amene mwaigwiritsapo ntchito, chonde ndiuzeni ndisanatulutse ndalama yanga.