Msilikali wotsala pang'ono kupuma angapeze bwanji pepala la umakaniko kuno ku Mzuzu?

Abale, ndigawireniko nzeru. Bambo a kunyumba kwathu ndi msilikali ku Moyale, ndipo kwatsala zaka ziwiri kuti apume. Ine tulo sindikuona, chifukwa penshoni yokha singatifikitse patali, ana atatu onse ali pasukulu.

Luso ali nalo ndithu. Galimoto ya aneba ikafa kuno ku Zolozolo, ndi iwo amene amaswera pansi pake Loweruka lonse, potuluka ovololo ili bii ndi oyilo. Koma pepala losonyeza kuti ndi makaniko alibe, ali ndi MSCE basi.

Tamva kuti a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, amatha kumuyesa munthu amene anaphunzira ntchito pongogwira, n'kumupatsa satifiketi. Alipo amene anadutsa njira imeneyi? Munayambira pati, ndipo zinakudyerani ndalama zingati? Nanga ku Mzuzu Technical College aliko maphunziro a madzulo kapena a Loweruka, oti munthu wa yunifolomu angakwanitse osajomba kuntchito? Eni ake akuti akufuna zamagetsi a sola, ine ndikuti ayambe atsiriza zimene manja awo anazolowera kale.

Makamaka inu akuluakulu amene munapuma usilikali, chilolezo chopita kusukulu munapempha bwanji kwa mabwana?